Kabokosi ka magemu akale pakhonde la ku Kapata

Juni 2024, Loweruka loyamba

Mutu wanga ndi dengu lobowoka pansi. Chomwe ndakonza lero, pofika Lachitatu ndimakhala nditaiwala kuti ndinagwira waya uti. Ndiye ndaganiza zoti ntchito iyi ndiziilemba pamene ikuyenda, ndi zolakwika zomwe.

Katundu wafika dzulo pa basi ya ku Lusaka, atakulungidwa m'sokosi, sokosiyo ili m'katoni ka sopo. Ndi Raspberry Pi 3 Model B, kakompyuta kosaposa chikhatho changa, ka mtundu womwe unatuluka mu 2016, RAM yake 1GB basi. Msuweni wanga anakagwiritsako ntchito ali pasukulu, kenako kanangogona m'dirowa. Ndikufuna kandichitire zinthu ziwiri. Kakhale kosewerera magemu omwe tinakula nawo, komanso, mphamvu zake zikalola, kanyamule kaseva kanga ka malo ochezera pa intaneti (seva ndi kompyuta yosunga ndi kutumiza zolemba za anthu), kopanda mwini wina koma ine. Chachiwirichi amayi a kunyumba achiseka kale.

Amene munakulira m'Chipata muno nthawi yathu mukukumbukira gemu ija tinkaitcha Terminator, yakuda, ya makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999999. Ukayatsa, magemu enieni anali ochepa, ena onsewo anali omwewo atangosinthidwa dzina kapena kuyambira pakati. Ndakula ndithu ndisanadziwe kuti chinali chongokopera makina a Famicom, amene kampani ya Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983. Ife zimenezo sizinatikhudze. Katiriji ikakana tinkaiuzira mpweya ngati tikukoleza moto, adaputala ikatentha tinkaiika pasimenti kuti izizire, ndipo wogonja pa Tank ankapereka padi kwa wotsatira popanda mkangano. Kunyumba kwathu kunalibe, tinkakasewera kwa aneba, titakhala pansi asanu ndi atatu pamphasa imodzi.

Juni, sabata yachiwiri

Ndatsitsa RetroPie, pulogalamu yosewerera magemu akale pa Pi, usiku pa bando ya usiku, maso ali gwa mpaka tambala woyamba. Ndailemba pa SD khadi ya 32GB, ndalumikiza ku TV ya aneba ndi kebulo ya HDMI, ndipo yayaka ulendo woyamba womwe. Ndinayamba kudzitama msanga.

RetroPie imabwera yopanda gemu ngakhale imodzi. Iyo ndi mbale chabe, nsima ukapeze wekha. Magemu akalewa ali ndi eni ake mpaka lero, ndiye za komwe aliyense amawatenga sindilemba pano. Ndingonena kuti alipo anthu amene akupangabe magemu atsopano a makina akalewa n'kuwapereka ulere, ndipo ena mwa iwo ndi okoma kuposa momwe ndinkaganizira.

Vuto linaonekera pakona ya kumanja kumtunda kwa TV: kachizindikiro ka mphezi kachikasu, kakuthwanima. Tanthauzo lake n'lakuti moto ukufika wochepa. Kabokosika kamafuna 5V ndi 2.5A, ndipo moto ukatsika pang'ono chabe kamayamba kudandaula n'kuchepetsa liwiro. Ine ndinali nditakalumikiza ku chaja ya foni. Ndinasintha chaja katatu, mphezi ili pomwepo. Wolakwa anali kebulo: yayitali, yowonda, ya zija zogula pakantemba. Nditaika yaifupi yonenepa, mphezi inazimirira.

Lachisanu malaiti anazima kabokosi kali mkati molemba pa khadi. Atabwera, kanangoonetsa malemba oyera pamdima n'kuima. Khadi yasokonekera. Ndalembanso zonse kuchokera pachiyambi, ndipo tsopano ndasunga kope la khadi yonse pa laputopu.

Julayi, sabata yoyamba

Magemuwa pa TV yafulati amaoneka ngati munthu wovala suti yobwereka. Mabokosi a chithunzi amaonekera kwambiri, m'mbali mwakuthwa. Anawajambula poganizira TV yakale ija ya linunda kumbuyo, yomwe imasakaniza mitundu pang'ono n'kufewetsa chithunzi. Amayi anga ali nayo ina kumudzi ku Mtenguleni, ya mainchesi 14, yomwe inasanduka poikapo baibulo ndi nyale. Ndakaitenga, ndaimanga pakaliyala ya njinga ndi malegeni, chitenje chili pamwamba kuopa fumbi.

TV imeneyi sidziwa HDMI. Imadziwa mapulagi atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira. Mwayi wake, kabowo ka mahedifoni ka pa Pi 3 kamatulutsanso chithunzi, bola upeze kebulo ya mizere inayi kumutu kwake. Ndinagula imodzi mtauni osafunsa aliyense. Nditalumikiza, chithunzi palibe, sipika ikungolira ngati njuchi zalowa m'chitini.

Ndinataya madzulo awiri ndikusintha zinthu mu config.txt, fayilo yomwe Pi imawerenga malangizo poyaka, pomwe vuto silinali m'menemo. Tsiku lachitatu ndinanyamula zonse kupita kwa mdala wina wokonza ma TV ndi mawailesi pafupi ndi msika wa Kapata, amene shopu yake ndi yodzaza mitembo ya mawailesi mpaka kudenga. Anatenga kebulo ija, anaigunditsa mita yake uku ndi uku, n'kuseka.

"Mwana wanga, safunsa anadya phula. Makebulo awa nkhope ndi imodzi, koma m'mimba ndi osiyana."

Anandionetsa ndi nsonga ya sikurudiraiva. Pa Pi, kunsonga kwa pulagi ndi mawu a kumanzere, mzere wachiwiri mawu a kumanja, wachitatu ndi gilaundi (waya wobwererapo moto), ndipo wa kutsinde ndiwo wa chithunzi. Kebulo yanga inali ndi gilaundi kutsinde. Anaidula, analumikizanso mawaya ndi nyale ya mtovu, kachitsulo kamoto kowotcherera mawaya, ntchito ya mphindi khumi.

"Atate, ndikupatseni zingati?"

"Ukabwere nako kakamayenda, ndidzaone ngati Mario akadali ndi ndevu zake."

Ndisanachoke anandigwira pamkono n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze kutsegula kumbuyo kwa TV ija. Chubu chake chimasunga moto woopsa ngakhale utaizula kukhoma. Ndalonjeza, ndipo ndikulemba pano kuti wina asayesere.

Julayi, sabata yachiwiri

Chithunzi chabwera, koma chakuda ndi choyera, chikugudubuzika kukwera m'mwamba. Apa ndiye config.txt inalidi ndi mlandu. Pi imayamba ndi NTSC, dongosolo la ma TV a ku America ndi ku Japan, pomwe athu kuno ndi a PAL. Mzere umodzi, sdtv_mode=2, ndipo thambo la Super Mario Bros. linakhala lobiriwira ngati kumwamba kwa mwezi wa Meyi.

Izi zinandifikitsa pa chinthu chomwe chandisokoneza mutu sabata yonse. PAL imasintha chithunzi ka 50 pa sekondi, NTSC ka 60. Magemu ambiri analembedwa kuti aziyenda ndi 60, ndiye ukawaika pa makina a 50 amayenda pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, nyimbo zomwe. Nditamva nyimbo ya Mario pa liwiro lake lenileni pa TV ya aneba paja, ndinaona ngati ikuthamanga, ngati kwaya yomwe yachedwa ku maliro. Khutu langa linazolowera yaulesi ija. Kutanthauza kuti ubwana wanga wonse ndinkasewera Mario wotopa, ndipo ndimamukonda wotopayo. Ndasankha kusiya pa 50. Akatswiri a pa intaneti anganyoze, koma iwo sanakhale nawo pamphasa paja.

Zomwe zikuyenda bwino: magemu a makina a Famicom, Mega Drive, Super Nintendo, Game Boy, ngakhale PlayStation yoyamba ya 1994. Nintendo 64 ikutsimphina, mawu akudukaduka. Ndaichotsa, sindinakule nayo ndi kale.

Julayi, kumapeto

Nkhani tsopano ndi moto. Mvula inakana chaka chino, madzi ku Kariba atsika, ndipo malaiti akumabwera pakati pa usiku ngati mfiti n'kuchoka kusanache. Kabokosi kodalira soketi ya kukhoma ndi chokongoletsera chabe.

Tili ndi sola yaing'ono padenga ndi batire ya 12V yomwe imayatsa mababu atatu ndi kutchaja mafoni. Ndagula kachipangizo kotsitsa moto kuchoka pa 12V kufika pa 5V, kokhala ndi kasikuruu kosinthira. Ndakaika pa 5.1V ndikuyang'ana mita, ndisanalumikize Pi. Pi yokha sidya zambiri, batire siimva n'komwe. Wosusuka ndi TV ya linunda. Kudzera pa inveta, poyatsa pokha inveta inalira kuti tswii, mababu anaphethira, ndipo amayi a kunyumba anatulukira kukhitchini ndi mthiko m'manja.

"Atate ake mwana, musankhe. Mario kapena kuwala kodyera nsima."

Tagwirizana chonchi: malaiti akakhalapo, TV ya linunda. Akazima, kasikirini kakang'ono ka 12V komwe ndinachotsa pa DVD ya m'galimoto yakufa. Ndi kakang'ono ngati buku la nyimbo, koma kamayaka maola ambiri.

Mdala wa ku Kapata uja, nditamupititsira kabokosi monga mwa pangano, anafukula pansi pa tebulo lake Terminator yeniyeni, mfuti yake ya pulasitiki ili pomwepo. Tinayesa Duck Hunt pa TV yafulati ya kasitomala wina: kuwombera konse, bakha osagwa ngakhale mmodzi, galu uja akungotiseka. Pa TV ya linunda, bakha woyamba anagwa nthawi yomweyo. Mfutiyo situlutsa kanthu, ili ndi kadiso koona kuwala. Ukakoka, TV imada bii kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, kenako pamalo pa bakha pamabwera kabokosi koyera, ndipo kadiso kaja kakaona kuyerako ndiye kuti walasa. TV yafulati imachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, ndiye pomwe kuyera kukufika, gemu imakhala itasiya kale kudikira. Mdalayo anawombera abakha khumi motsatizana, ndudu ili pakhutu, kasitomala akudikira wailesi yake panja.

Ogasiti, sabata yachiwiri

Gawo lachiwiri la ntchito, lomwe ndakhala ndikulizengereza.

Chomwe chinandiyambitsa maganizo amenewa ndi tsiku la zisankho, pa 12 Ogasiti 2021, pamene WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kutseguka m'dziko muno. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti macheza athu onse amadutsa pa zipata zitatu kapena zinayi zokha. Kenako mu Okutobala 2022 Elon Musk anagula Twitter, chaka chotsatira n'kuisintha dzina kukhala X, ndipo anthu ambiri anasamukira ku Mastodon. Ndinamva dzinalo nthawi imeneyo, koma ndalowako mwezi uno.

Mastodon anaiyambitsa Eugen Rochko ku Germany mu 2016. Si malo amodzi. Ndi maseva ambirimbiri, iliyonse ndi mwini wake ndi malamulo ake, koma zonse zimalankhulana kudzera m'chilankhulo chimodzi chotchedwa ActivityPub, chomwe bungwe la W3C, loika miyezo ya intaneti, linachivomereza mu 2018. Pofotokozera mlamu wanga ndinati zili ngati midzi: uli ndi mudzi wako ndi anyakwawa ako, koma ukhoza kukacheza kumudzi wina, kukwatirako ngakhale. Anyakwawa akaona kuti mudzi wakutiwakuti ndi wa anthu achipongwe, amatseka njira yopita kumeneko. Ukakangana nawo anyakwawa ako, umasamuka, ndipo okutsatira amasamuka nawe, ngakhale zolemba zako zakale zimatsala kumudzi wakale. Mlamu anafunsa funso limodzi: "Nanga gulu la mpingo lili kumeneko?" Nditati ayi, anabwerera ku WhatsApp yake.

Zomwe ndakonda: palibe zotsatsa malonda, zolemba zimabwera motsatana ndi nthawi yomwe zalembedwa, ndipo bando imakhalitsa chifukwa palibe mavidiyo ongodziyambira okha. Malire ndi zilembo 500 pa maseva ambiri, zokwanira kufunsa funso lomveka. Anthu a magemu akale aliko ambiri, ndipo ndi ofatsa. Nditaika chithunzi cha TV ya amayi ili pakaliyala, anthu a kumayiko komwe sindidzafikako anayankha, wina mpaka anandilangiza za kuzimitsa Pi bwinobwino. Wina anandikumbutsa mwaulemu kuti ndizilemba mawu ofotokoza chithunzi, kuti osaona nawonso amve. Sindinaganizepo zimenezo zaka zonse ndili pa Facebook.

Chomwe chandiwawa: ndafufuza mawu a Chichewa, a Chinyanja, dzina la Chipata, ndipo kuli zii ngati kumanda masana. Ndinalemba moni m'chilankhulo chathu, wapita masiku asanu ndi limodzi wopanda woyankha. Dziwaninso kuti mauthenga amseri kumeneko si amseri kwenikweni, mwini seva akafuna akhoza kuwawerenga.

Ogasiti, kumapeto

Ndayesa kudzikhazikira seva yanga. Mastodon yeniyeni ndi yolemera, imafuna mapulogalamu ena oithandiza monga PostgreSQL, Redis ndi zina, ndipo pa 1GB ingakhale ngati kusenzetsa mwana thumba la chimanga. Pali ina yopepuka, GoToSocial, yolankhula ActivityPub yomweyo. Ndaiika pa khadi ina, ndipo yayaka. M'nyumba muno, pa foni yanga, ndinatsegula tsamba langa, pa seva yanga, ili pa tebulo langa pambali pa shuga. Ndinakhala ndikuliyang'ana nthawi yaitali.

Kunja kwa nyumba, palibe amene angaione. Intaneti yanga ndi ya SIM khadi, ndipo pa intaneti yotere ambirife timagawana adiresi imodzi, ndiye wochokera kunja sangagogode pakhomo pako. Njira zozembera zilipo, koma pafunikanso dzina la domeni, lomwe anthu amalemba pofuna tsamba lako, lolipira chaka ndi chaka, mwinanso kubwereka kakompyuta ka kunja kolipira mwezi ndi mwezi m'madola. Ndiye taganizani: kuti ndikhale mwini mudzi, ndizilipira lendi kwa mzungu amene sindidzamuona. Ndipo ngakhale zonsezo zitatheka, seva yomwe imagona batire ikatsika si seva. Maseva ena amatumiza uthenga, akapeza chitseko chotseka amayesanso kangapo, kenako amatopa nawe.

Chinanso chomwe ndinachedwa kuchiona: kabokosi n'kamodzi. Kakakhala seva, ana sasewera. Ana akamasewera, mudzi wanga watsekedwa.

Loweruka ndinapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete. Anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno, Gule Wamkulu fumbi kobo, ndipo foni iliyonse yomwe ndinaona m'mwamba inkajambulira WhatsApp kapena Facebook. Pobwerera mu minibasi ndinagamula mlandu: khadi ya GoToSocial ndaiika mu envulopu, ndalembapo deti, ili m'dirowa. Akaunti yanga ya pa seva ya eni ndiisunga, ndipo ndizilembako m'Chichewa kamodzi pa sabata, kaya wina ayankhe kaya ayi. Za Bluesky, ina yochezera pa intaneti, yomwe inatsegulira aliyense mu Febuluwale chaka chino, anzanga awiri andiuza kuti ndiyese, koma mabando anga sangadyetse midzi itatu.

Seputembala

Mapadi awiri a USB otchipa omwe ndinayamba nawo, imodzi yafa batani la kumanja. Nditaitsegula ndinapeza kalabala ka pansi pa batani katang'ambika. Muphwa wanga, wa giredi 9, amene wakhala akuzungulirazungulira ntchitoyi kuyambira Juni, anati, "Amalume, bwanji tichotse ka mu rimoti yakufa ija?" Tinadula kalabala ka batani la voliyumu, tinakamata, ndipo ikugwira, kungoti pamafunika kudinikiza ndi mtima wonse. Mnyamatayu dzanja lake pa nyale ya mtovu ndi lokhazikika kuposa langa. Ndamusiyira zolumikiza zonse.

Bokosi tapanga la pulayiwudi yotsala kwa kalipentala wa pamseu wathu, ndi mabowo a mpweya oboola ndi msomali wamoto.

Mbiri yafalikira mu komboni. Madzulo malaiti akazima, pakhonde pamadzaza. Ana a masiku ano, ozolowera magemu a pa foni, poyamba ankaseka zithunzi za mabokosimabokosi. Contra inawaphunzitsa ulemu: miyoyo itatu, chipolopolo chimodzi wafa. Nditawaonetsa chinsinsi chija cha pachiyambi, mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, miyoyo n'kukhala 30, anandiyang'ana ngati sing'anga. Zala zanga zinachikumbuka zokha, mutu unali utaiwala.

Malamulo ndi atatu, ndipo anaika ndi amayi a kunyumba: homuweki iyambe yaonetsedwa, wogonja apereke padi, ndipo mababu akayamba kufiira gemu yatha. Kamtsikana ka aneba, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kagonjetsa anyamata onse pa Tetris. Sikalankhula kakamasewera, kamangoluma mlomo wa m'munsi.

Okutobala, sabata yachitatu

Kutentha kwafika pachimake, mapiri ozungulira tauni akuoneka ngati akuvina. Chizindikiro chatsopano chatulukira pakona paja, kathemomita kofiira. Pi 3 ikafika madigiri 80 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo magemu a PlayStation amayamba kukoka miyendo. Mabowo a msomali aja sakukwanira. Tamata kachitsulo koziziritsa pa purosesa, ndipo muphwa wachotsa kafani mu laputopu yakufa n'kukalumikiza ku 5V. Kakulira ngati udzudzu, koma themomita sinabwerenso.

Batani lozimitsira nalo latheka, potsatira malangizo a munthu wa pa Mastodon uja. Mzere wa dtoverlay=gpio-shutdown mu config.txt, ndi kabatani kolumikiza pini 5 ndi pini 6 pa timapini ta pa Pi. Ukadina, kabokosi kamatseka mafayilo ake bwinobwino kasanagone, ukadinanso kamadzuka. Chiikireni batanili khadi sinasokonekerenso. Ana ndawauza kuti wozula waya osadina batani, sabata yonse sagwira padi.

Pa Mastodon, moni wanga wa mu Ogasiti uja wayankhidwa Lachiwiri lapitali, patatha miyezi iwiri. Munthu wa ku Lilongwe amene akukhala kunja, mawu anayi okha: "Tili bwino, kaya inu?" Ndamuyankha ndi ndime zinayi, mwina ndamuopseza.

Zotsala: padi yachitatu ndi yachinayi kuti Bomberman azisewera anayi, fyuzi pakati pa batire ndi kotsitsa moto kaja, chifukwa pano ndangolumikiza mwachindunji ndipo mdala wa ku Kapata akadziwa andikalipira, komanso chivindikiro cha pulasitiki mvula isanayambe, poti khonde lathu limadontha pakona pomwe pali TV. Amayi atumiza uthenga kuchokera ku Mtenguleni kufunsa kuti TV yawo ibwera liti, akuti nyale ikusowa pokhala.